Mabokosi pageti: nkhani ya kalipentala wa pa Boma la Dedza ndi chilolezo chogwirira ntchito pakhomo

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba komanso kuthandiza anthu kulemba makalata opempha chilolezo ku khonsolo. Ambiri amene amandipeza amabwera asanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Bambo a nkhani ino anabwera atamanga kale, kalata ya khonsolo ili m'thumba la ovolosi, itapindidwa kanayi, m'mbali mwake muli zidindo za zala za guluu. Dzina lawo sinditchula, ngakhalenso dera limene akukhala pa Boma pano. Ndizingoti amisiri, monga amawaitanira anthu a kumeneko. Eni ake anavomera kuti ndilembe, ati mwina mnzawo wina wa sowo ndi hamala angapulumukirepo.

Kalatayo inanena zinthu zitatu: kuti pa puloti pawo pamangidwa shedi popanda chilolezo, kuti malo okhala anthu asandutsidwa malo a ntchito, komanso kuti oyandikana nawo adandaula za phokoso, utuchi ndi magalimoto otseka njira. Inawapatsa masiku oti asiye ntchitoyo ndi kuchotsa shediyo, apo ayi akaonekere ku ofesi ndi mapepala awo. Ndisanamalize kuwerenga, amisiri anali atayala kale pepala lina patebulo.

"Achimwene, ine si wozemba. Laisensi nayi, chaka ndi chaka ndimalipira. Nanga akundithamangitsiranji pakhomo panga pomwe?"

Funso limeneli ndalimva kwa atelala, kwa owotcherera zitsulo, kwa amayi ophika masikono. Yankho lake limatenga nthawi, choncho ndinawapempha kuti ayambe andiuza momwe ntchito inafikira pakhomopo.

Momwe ntchito inasamukira kunyumba

Amisiri anaphunzira ukalipentala kwa amalume awo, ndipo kwa zaka zambiri ankachita lendi kashedi kufupi ndi msika. Mwini kashediko atagulitsa malowo, iwo anasowa kolowera, n'kunyamula benchi ndi bokosi la zida kupita nazo pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo. Kwa zaka ziwiri ankagwira ndi manja okha: sowo, puleni, tchizulo, hamala. Ankapanga mipando, mafelemu a zitseko ndi timatebulo ta ana asukulu. Palibe amene anadandaula. Oyandikana nawo omwewo ndi amene ankabweretsa mipando yothyoka miyendo.

Zinthu zinasintha atapeza ntchito yopanga madesiki a sukulu ina. Phindu lake anakagulira ku Lilongwe makina opalira matabwa ogwiritsidwa kale ntchito, pamodzi ndi sowo ya magetsi. Makina sangakhale pamvula, ndiye anamanga shedi ya malata, n'kuitsamiritsa ku mpanda wa njerwa wa mnansi wawo wa kumanja kuti apulumutse ndalama ya khoma limodzi. Anatenga anyamata atatu. Kenaka kunabwera mabokosi a maliro. Sanachite kuwafuna: usiku wina anthu a ku Mayani amene m'bale wawo anamwalira kuchipatala anagogoda pageti kupempha kuti awakhomere bokosi kusanache, ndipo mbiri inafala kuti pali mmisiri amene sakana kudzuka. Posakhalitsa anayamba kukhomeratu mabokosi anayi kapena asanu, n'kumawaimika pageti m'mawa uliwonse kuti odutsa aziwaona.

Asanamange shedi anafunsapo munthu. Anafunsa dobadoba wina wodziwika kuti amayendetsa mapepala, ndipo iye anawalanda kangachepe n'kuwauza kuti munthu wokhala ndi laisensi ya bizinesi angagwire ntchito paliponse pamene afuna, makamaka pamalo pake. Nditayang'anitsitsa laisensiyo ndinaona kuti malo olembedwapo anali akadali a kumsika aja, amene anachokako zaka zapitazo.

Zomwe ndinakaona

Ndinapita Lachiwiri m'mawa, mwezi wa June. Amene anakhalapo ku Dedza akudziwa chisanu cha nthawi imeneyi. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lofika mamita 2,198, ndipo m'mawa wotere munthu aliyense amasaka pamene dzuwa layamba kugwa. Ndikunena izi chifukwa zinadzakhala pakatikati pa nkhani yonse, ngakhale tsiku limenelo sindinazizindikire.

Pulotiyo ili m'kanjira kafumbi kotsetsereka, nyumba zoyandikana mbali zonse. Ndinayeza ndi tepi. Shedi inali itadya pafupifupi theka la bwalo la kuseri, ndipo denga lake linkakhuthulira madzi pamwamba pa mpanda wa mnansi, moti njerwa za mizere ya pamwamba zinali zitachita ndere. Mkati munali benchi ziwiri, makina awiri aja, matabwa a paini ataunjikidwa mpaka kudenga, ndi zitini za vanishi ndi thina (mankhwala osungunulira penti) zili pansi, masitepe anayi okha kuchokera pamene mayi a pakhomopo amayatsa mbaula. Waya wa makina unachokera pa soketi ya pabalaza, kudutsa pawindo, wolumikizidwa pawiri ndi tepi yakuda. Utuchi ankausesera m'ngalande ya kumsewu, wina n'kumautentha madzulo.

Ndinawapempha kuti ayatse makina opalira, ine n'kukaima panja pa mpanda. Thabwa litalowa, mnyamata amene ndinali naye ankalankhula pafupi nane koma ndinkangoona milomo ikugwedezeka. Mnansi wa kumanja anandiitanira m'nyumba mwake kuti ndione babu la pabalaza: makina akamayamba, babulo linkazilala kenaka n'kuwalanso. Chimachititsa zimenezi n'chakuti mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, ndipo nyumba zodyera pa waya umodzi zimamva kukokako. Mita ya amisiri inali ya gulu la nyumba zokhalamo, pamene ESCOM ili ndi mitengo yosiyana ya nyumba ndi ya malo a bizinesi.

Pageti panali mabokosi anayi, awiri opaka vanishi wonyezimira, limodzi lokutidwa ndi nsalu, ndi lina laling'ono la mwana. Ndinawalemba m'kope langa ngati katundu wotsatsidwa m'mbali mwa msewu, basi, n'kupitirira.

Lamulo likuti chiyani

Amisiri ankaganiza kuti boma lili ndi pepala limodzi lololeza munthu kugwira ntchito. Zoona zake n'zakuti mapepalawo ndi angapo, amachokera m'malamulo osiyana, ndipo lililonse limayankha funso lakelake. Laisensi ya bizinesi, imene imayendera lamulo la Business Licensing Act la 2012, imati munthuyu waloledwa kuchita malonda akutiakuti pamalo akutiakuti. Siikhudza zoti pulotiyo inaikidwira ntchito yanji, ndipo siisamuka yokha mwini wake akasamuka.

Funso la ntchito ya malo limayankhidwa ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988 ndipo linakonzedwanso mu 2022. Lamulo lakale linkagwira ntchito m'madera okhawo amene analengezedwa kuti aziyendera mapulani. Latsopanoli linatenga dziko lonse. Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi tanthauzo la mawu akuti chitukuko m'lamuloli. Ife tikamva chitukuko timaganiza za kumanga. Lamulo limawerengeranso kusintha kwakukulu kwa kagwiritsidwe ntchito ka malo kapena nyumba, ngakhale osakhoma msomali ndi umodzi womwe. Zonse ziwiri, kumanga ndi kusintha ntchito ya malo, zimafuna chilolezo cha komiti ya mapulani. Amisiri anali atachita zonse ziwiri.

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa si aliyense wopeza ndalama pakhomo pake amene wasintha ntchito ya malo. Mayi wosoka pa makina amodzi pabalaza, mtsikana woluka tsitsi pakhonde, mphunzitsi wothandiza ana awiri madzulo, onsewa nyumba yawo ikadali nyumba. Chimene timayang'ana ndi chakuti kodi munthu wodutsa, kapena wogona kuseri kwa mpanda, akuona nyumba yokhala anthu imene mwini wake ali ndi kantchito, kapena akuona malo a ntchito amene pakona pake pakugona anthu. Ine ndimayeza ndi zimene zikudumpha mpanda: phokoso, utsi, fungo, fumbi, madzi oipa, magalimoto, alendo a usiku. Ndimawerenganso antchito ochokera kunja kwa banja, ndi gawo la puloti limene ntchito yadya. Zaka ziwiri za puleni ya manja zija, amisiri anali mbali yabwino ya mzere umenewu. Tsiku limene makina analira koyamba, anauwoloka.

Panalinso pepala lachitatu, la malo enieniwo. Puloti yawo ndi ya lizi ya zaka 99, ndipo m'kati mwake munalembedwa kuti malowo ndi omangapo nyumba yokhalamo. Amisiri anali asanawerengepo tsamba limenelo chigulireni pulotiyo. Ngakhale komiti ya mapulani itavomera, mwini malo amene anapereka lizi amayenera kuvomeranso payekha. Pamwamba pa izi pali lamulo la zaumoyo la Public Health Act, limene limapatsa azaumoyo mphamvu pa zinthu zosowetsa anthu mtendere monga utsi ndi zinyalala, komanso Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, loteteza antchito ngati anyamata atatu aja amene ankapala matabwa opanda chotchinga m'maso, m'makutu kapena pamphuno.

Nditawafotokozera zonsezi, amisiri anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Nanga chigayo chili kumtunda kwathu kuja? Nanga shabini ya kuseri ija, imene imaimba mpaka tambala woyamba? Bwanji ine ndekha?" Sindinawanamize. Ndinawauza kuti ntchito zambiri zoterezi zimayenda chifukwa palibe amene walemba kalata, ndipo tsiku limene wina adzalembe, nawonso adzaima pamene aima iwo. Kulakwa kwa mnzako sikusanduka chilolezo chako. Koma mumtima ndinkadziwa kuti dandaulo lawo lili ndi pogwira. M'matauni athu aang'ono malo otchipa oti mmisiri wa benchi ziwiri achite lendi ndi osowa, ndipo munthu sasamutsira makina kuseri kwa khitchini chifukwa chokonda. Timawauza kuti achoke, koma nthawi zambiri sitiwalozera kopita.

Pamene ndinaphonya

Ndinabwerera ku ofesi ndili ndi chikhulupiriro chakuti vuto lalikulu ndi phokoso. Ndinayamba kujambula shedi yatsopano ya njerwa, yotalikirana ndi malire, yokhala ndi siling'i, makina aziyatsidwa maola owerengeka masana. Ndinataya masiku atatu pa pulani imeneyi. Ndisanaipereke ndinati ndikacheze ndi amene anasaina kalata yodandaula, monga ndimachitira nthawi zonse, chifukwa pempho limene anansi akulitsutsa limayenda movutika.

Mnansi wa kumanja nkhani yake inali yachidule: madzi achoke pa mpanda wake, babu lisiye kuzilala. Wachiwiri anali dalaivala amene ankavutika kutulutsa galimoto lole ya matabwa ikaima. Onse awiri anandiuza kuti kalatayo anangosainapo, anailemba ndi aphunzitsi a kutsidya kwa njira.

Aphunzitsiwo ndi mayi wachikulire amene anapuma ntchito atagwira choko zaka zambiri. Ndinawapeza m'mawa, cha m'ma 8 koloko. Pakhonde la kumaso panali mpando wa ndalema wopanda munthu, bulangete litapindidwa pamwamba pake, dzuwa likuwala bwino pamenepo. Anandilowetsa m'nyumba. Pabalaza, pakona yozizira, panali amuna awo, atavala chipewa cha ulusi ndi majuzi awiri, dzanja lamanja lili pamwendo losagwedezeka. Anadwala sitiroko chaka chapitacho. Ndinawapatsa moni, anayankha ndi maso.

Ndinayamba kufotokoza za khoma la njerwa ndi siling'i. Aphunzitsi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati: "Mwana wanga, taimirira uone pawindopo."

Ndinaimirira. Kuchokera pakhonde lawo, chinthu choyamba chimene maso amagwera ndi geti la amisiri, ndipo mabokosi anayi aja anali ataimikidwa moyang'ana kuno.

"Bambo akowa adokotala anati aziothera dzuwa ndi kuona anthu. Khonde lathu ndi lomweli, dzuwa limafika pomwepa. Ndinkawatulutsa m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinawapeza akulira, akuloza kutsidyako ndi dzanja lamoyoli. Chiyambire tsiku limenelo amakana kutuluka. Miyezi inayi tsopano. Phokoso ine ndaphunzitsa Sitandade 1, silingandigonjetse. Koma ndikanalemba kuti mabokosi akuliritsa amuna anga, ndani akanandimvera ku ofesi? Ndinalemba zimene ndinkadziwa kuti zili m'malamulo."

Ndinawafunsa ngati analankhulapo ndi amisiri. Anati anayesa kamodzi kudzera kwa akazi awo, yankho linabwera lakuti malonda osaoneka sagulidwa. Atatero anaona kuti kubwerezanso kukhala ngati akuwatchingira mwayi.

Pulani yanga ya njerwa ikanadya ndalama zimene amisiri analibe, ikanachepetsa phokoso pang'ono, ndipo mabokosi akanakhalabe pageti. Ndinaiika pambali. Chiyambire nthawi imeneyo, ndikalandira kalata yodandaula ndimayamba ndakaima pakhomo pa wodandaulayo n'kuyang'ana kumene iye amayang'ana, ndisanatulutse tepi.

Kukhala pansi

Tinapempha amfumu a m'deralo kuti atiitanire tonse. Tinakumana Loweruka masana pakhonde pawo: amisiri ndi akazi awo, aphunzitsi, anansi awiri aja, ndi ine. Ndinapempha aphunzitsi kuti anene okha zimene anandiuza. Atamaliza, amisiri anavula chipewa n'kuchigwira m'manja, osayankha. Amene analankhula ndi akazi awo, moyang'ana pansi. Anati nawonso mabokosiwo sawakonda, ana awo kusukulu amatchedwa ana a kumabokosi, ndipo wamng'ono amakana kutuluka kukataya madzi usiku chifukwa chimbudzi chili kuseri kwa shedi. Anati sananenepo chifukwa ndi mabokosi omwewo amene amalipira fizi.

Pamenepo amisiri anatembenukira kwa aphunzitsi. "Amayi, ine ndimadutsa pakhomo panu tsiku lililonse. Ndinkaona mpando uli wokha, ndinkayesa abambo adwalika. Sindinadziwe kuti ndine. Pepani." Madzulo omwewo mabokosi analowa m'kati, komiti isanakhale n'komwe.

Koma kupepesana sikufafaniza kalata ya khonsolo, ndipo ndinawauza onse pomwepo kuti amfumu angatiyanjanitse koma sangapereke chilolezo cha mapulani. Ndinanenanso maganizo anga mosabisa: makina opalira ndi sowo ya magetsi sizingakhale pakati pa nyumba zothinana choncho, ngakhale titamanga khoma lotani. Kupempha kuti puloti yonse isinthidwe kukhala ya ntchito zamakina kukanakhala kutaya ndalama ya fomu, chifukwa mbali zonse ndi nyumba zogona anthu ndipo njira yake ndi yoti magalimoto awiri sangapatukirane. Amisiri anakana poyamba. Makinawo anawagula ndi thukuta, ndipo kuwachotsa pakhomo kunali ngati kubwerera m'mbuyo zaka zisanu. Amfumu ndi amene anawafewetsa, ati walira mvula walira matope: mwakula, ndipo kukulako kwabwera ndi zake.

Pempho limene tinapereka

Tinagawa ntchito pawiri. Yaphokoso ndi yafumbi, kudula ndi kupala, ipite kumalo ololedwa ntchito zotere. Mwayi unalipo wakuti mnzawo wina wowotcherera zitsulo, amene ali ndi shedi yaikulu kumbali ya msika ndi magetsi amphamvu oyenera makina, anavomera kugawana nawo malo ndi lendi. Mabokosi nawo azikhomedwa ndi kusungidwa komweko. Pakhomo patsale ntchito ya manja: kulumikiza mipando, kukwecha ndi sandipepa, kukonza zothyoka.

Ndinajambula pulani ya puloti yonse yoonetsa nyumba, chimbudzi, malire, njira, ndi kashedi katsopano kochepera theka la kakale, kotalikirana ndi mpanda, denga lake lokhuthulira madzi m'bwalo la eni ake. Ndinaonetsa kabati yachitsulo yosungiramo vanishi ndi thina kutali ndi moto. M'kalata yoperekeza ndinalemba zoona zokhazokha: kuti shedi yakale inamangidwa popanda chilolezo ndipo tikuvomera kuigwetsa, kuti pakhomo padzagwira amisiri ndi mnyamata mmodzi, kuti sipadzakhala makina a magetsi odulira kapena opalira, sipadzaikidwa katundu panja pa geti, ndipo lole sidzatsitsa matabwa m'kanjirako. Ena amalangiza makasitomala awo kuti abise zina, alembe kuti shediyo ndi sitolo yosungiramo makasu. Ine sinditero. Oyendera malo akabwera n'kupeza benchi, chikhulupiriro chimatha, ndipo chilolezo chopezedwa ndi bodza sichiteteza munthu tsiku la mlandu.

Tinaphatikizapo kopi ya lizi, malisiti a msonkho wa malo, ndi kalata yosainidwa ndi anansi atatu aja yonena kuti sakutsutsa. Aphunzitsi anailemba okha ndi dzanja lawo, zilembo zoongoka ngati za pabolodi. Tinapitanso ku ofesi tsiku la m'kalata lija lisanakwane kukanena kuti pempho likubwera. Ichi n'chofunika kwambiri. Kalata yotere ukaikhalira, chotsatira chake chimakhala chidziwitso chokakamiza, ndipo zikafika apo khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale kugwetsa chomangidwacho. Njira ya apilo ilipo kwa amene sanakhutire ndi chigamulo, koma ndi yaitali kwa munthu amene chakudya chake chimachokera pa ntchito ya tsiku limenelo.

A khonsolo anabwera kudzaona malo, pamodzi ndi wa zaumoyo, amene anaonjezera mfundo imodzi imene ine ndinaiiwala: utuchi usatayidwenso m'ngalande kapena kutenthedwa. Anali ndi chifukwa chomveka. Kanjirako n'kotsetsereka, ndipo mvula ikagwa utuchi umatseka ngalande, madzi n'kulowa m'mabwalo a kumunsi. Yankho lake linapezeka mosavuta, poti oweta nkhuku amaufuna woyala m'makola. Tsopano umapakidwa m'matumba ndipo umabweretsa kandalama. Komiti itakhala inapereka chilolezo cha kashedi kakang'onoko ndi ntchito ya manja, ndi mfundo zoti zitsatidwe: zonse zimene tinalonjeza zija, kuphatikizapo maola ogwirira ntchito, osayamba m'bandakucha, osafika usiku, Lamulungu ayi. Laisensi ya bizinesi inakonzedwa kuti ionetse malo atsopano a kumsika.

Mtengo wake

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti zonse zinatha mokoma. Amisiri analipira. Anagwetsa shedi imene anaimanga ndi ndalama zawo, ngakhale malata ndi mitengo yambiri anaigwiritsanso ntchito. Analipira mafomu, analipira ine, ndipo tsopano ali ndi lendi ya mwezi ndi mwezi imene analibe. Matabwa opalidwa amayenera kunyamulidwa kuchokera kumsika kupita kunyumba, pa wilibala kapena pa njinga ya kabaza, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama. Mwa anyamata atatu aja, mmodzi anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba chifukwa ndalama yomulipira inasowa. Mnyamatayo ndinakumana naye pa depoti akunyamula matumba a kachewere, ndipo sindinganene kuti nkhaniyi inamukomera.

Mbali ina zinthu zinayenda bwino kuposa momwe amisiri ankaopera. Kumsika kumadutsa anthu ambiri kuposa m'kanjira ka kwawo, ochokera ku Bembeke, ku Linthipe, ku Lobi, ngakhale a kutsidya kwa malire ku Mozambique, ndipo maoda a zitseko ndi mawindo anachuluka chifukwa wofuna felemu yachitsulo kwa mnzawo uja amapezeratu chitseko pomwepo. Makina akuyenda pa magetsi oyenera, mota siikutenthanso ngati kale. Ndinawakakamiza kugula magalasi otchinga m'maso ndi zotseka m'makutu za anyamata. Magalasi amavala, zam'makutu ndimazipeza zitapachikidwa pamsomali nthawi zambiri, ndipo ndimanena ulendo uliwonse.

Zotsala

Ziwiri sizinathe. Choyamba ndi lizi. Tinalemba kalata kwa eni malo yopempha kuti avomereze kantchito ka manja pa puloti yokhalamo, ndipo pamene ndikulemba lipotili tikudikira yankho. Ndawauza amisiri kuti asunge kopi ya kalatayo pamodzi ndi chilolezo cha komiti mu envelopu imodzi, pamalo pamene akazi awonso akudziwa.

Chachiwiri ndi anthu a usiku. Imfa siyang'ana maola a pa chilolezo, ndipo anamfedwa amene anazolowera geti lija amafikabe kudzagogoda. Tinagwirizana kuti pa shedi ya kumsika palembedwe nambala ya foni, ndipo akagogoda kunyumba amisiri azituluka mwakachetechete n'kupita nawo kumsika, galimoto isalowe m'kanjirako. Zimenezi zikutanthauza kuti bambo wa zaka zopitirira makumi anayi amayenda ndi tochi pakati pa usiku, m'chisanu cha Dedza, kawiri kapena katatu pamwezi. Akuganiza zoti mnyamata amene anamuimitsa uja abwerere azigona ku shediko ngati mlonda, azitha kutulutsa bokosi yekha. Ndawauza kuti aonetsetse kaye ngati mwini shedi ndi mlonda wa pamsika akuvomera, komanso kuti mnyamatayo asamagone chipinda chimodzi ndi zitini za thina.

Ndinadutsako komaliza sabata yatha m'mawa, kukayeza ngati kashedi katsopano kaima pamene pulani inanena. Kali bwino, kupatula ngalande ya padenga imene sanaimangirire kumapeto. Ndawapatsa mpaka mvula yoyamba isanagwe. Amisiri anali pabenchi akukwecha mwendo wa tebulo, wailesi ikulankhula motsitsa. Kutsidya kwa njira abambo aja anali pampando wa ndalema, bulangete m'miyendo, dzuwa likuwaomba kumaso. Aphunzitsi anandikodola kuti ndidzaone ndodo yoyendera ya mlombwa imene amisiri anawasemera, n'kundifunsa ngati kuika kanjira kotsetsereka ka simenti pamasitepe a khonde lawo kumafunanso chilolezo. Ndinawauza kuti ndibwera Lachinayi ndi tepi.